Mzere wa Shakespeare Sauwerenga ndi Zala

Nkulakwa kuphunzitsa mwana wa ku Santhe ndakatulo za Chingerezi ngati masamu. Timamuuza aloweze kuti mzere wa iambic pentameter uli ndi maphatikizo 10. Iye nawerenga zala, nakhoza mayeso, khutu osamva kanthu. Chonsecho mwanayo amaunga mizere ya fodya: khasu limakwera mopepuka, nkugwa mwamphamvu. Kukwera ndi kugwa kotero kasanu ndiwo mzere umene Shakespeare, yemwe adamwalira mu 1616, ankalembera ochita zisudzo ku London, osati olemba mayeso. Chichewa chimatalikitsa phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto. Chingerezi chimagogomeza ena, nkupeputsa ena. Zimenezi sizimveka pabolodi. Aphunzitsi, ikani choko pansi, ana aimirire, awerenge Macbeth mokweza.