CILOLEZO CA CIKHALIRE SI MPHATSO YA BWANA WA PA MALIRE

Abale ndi alongo a m'makomboni, mwezi wa Disembala ukafika tilandira ana athu ocokera ku Joni. Abwera ndi mabulangete, mapoto ndi tindalama ta fetereza, ndipo Januwale asanathe akwera basi kubwerera ku nchito. Ena mwa iwo akhala ku South Africa zaka zambiri, ndipo Boma la kumeneko linawapatsa cilolezo cokhala m'dzikomo cikhalire, cimene m'Cingerezi acha permanent residence permit. Koma taonani munthu yemweyo akafika pa windo la pa malire! Cipewa ciri m'manja, mau ali pansi-pansi, ngati wagwidwa ndi nkhuku ya eni ace. Ife tinena kuti mantha amenewa ndi osayenera, ndipo ndiwo anenepetsa anthu a ciphuphu.

Tidziwa kumene manthawa anacokera. Makolo athu anayenda ndi citupa m'thumba usana ndi usiku, ndipo kapaso ali yense anali ndi mphamvu ya kuwaimika pa njira. Anthu a dziko lino anatopa naco nacitentha pa moto mu 1961. Ku South Africa malamulo a mapasi anatha mu 1986. Citupa cija cinali cingwe comangira munthu. Cilolezo ca cikhalire ciri cosiyana, cifukwa ico cimanga Boma limene linacipereka.

Lamulo la olowa m'dziko la South Africa, la nambala 13 la caka ca 2002, m'gawo 25, linena kuti mwini cilolezo cimeneci ali ndi ufulu ndi udindo wonse monga mzika, kupatula zokha-zokha zimene malamulo anasungira mzika, monga kuponya voti. Si nkhani ya pa pepala cabe iai. Mu 1997 Khoti Lalikulu la Malamulo a Dziko kumeneko linaweruza kuti aphunzitsi okhala ndi cilolezoci asamanidwe nchito yokhazikika cifukwa cakuti si mzika. Mu 2004, pa mlandu wa Khosa, umene unabwera ndi anthu ocokera ku Mozambique, khoti lomwelo linati iwonso ayenera kulandira ndalama za cithandizo zimene Boma lipatsa nkhalamba ndi ana. Tsono ngati oweruza akulu anatero, kodi ofisala wa pa Beitbridge ndiye angasandutse munthu wotere mlendo wopempha malo ogona?

Koma tisanamizane. Cilolezo si pasipoti. Mwana wathu akali mzika ya Zambia, ayenda ndi pasipoti ya Zambia, ndipo ikatha masiku palibe cilolezo cingamuolotse Limpopo. Pa Chirundu ndi m'Zimbabwe monse, kapena pa Kazungula ndi m'Botswana, pepala la South Africa liribe mau. Kumeneko iye ndi munthu wopita pa njira monga anzace onse a m'basi. Ofisala ali ndi mphamvu ya kufunsa mafunso, kuona mapepala ndi kutsegula katundu, ndipo msonkho wa katundu sukhululukidwa. Izi ndi nchito yace, ndipo tiyenera kumuyankha mwaulemu. Ulemu ndi kugwada ziri zinthu ziwiri.

Msampha waukulu uli pa cidindo. Basi ikafika usiku, mzere uli wautali, kondakitala akuwa kuti fulumirani, ofisala wotopa aona pasipoti ya Zambia ndi kudinda masiku a mlendo osayang'ana cilolezo. Munthu atenga pasipoti yace, athokoza, nathamangira mpando. Sadziwa kuti makina a Boma amulemba monga mlendo amene ayenera kuturuka tsiku lakuti. Kuyambira mu 2014 malamulo a kumeneko ati mlendo wopitirira masiku ace aletsedwe kulowanso: miyezi 12 ngati sanapyole masiku 30, ndi zaka 5 ngati wapyola pamenepo. Cilango cimeneci si ca mwini cilolezo ca cikhalire, koma cikalembedwa molakwa pa dzina lace adzataya miyezi ndi ndalama polemba makalata kuti acifafanize, pamene nchito, nyumba ndi ana a sukulu ziri tsidya lina. Cifukwa cace perekani cilolezo pamodzi ndi pasipoti, osadikira kuti akufunseni, ndipo werengani cidindo musanacoke pa windo. Ngati calakwa, nenani pomwepo. Basi idikire.

Nyamulani pepala leni-leni la cilolezo, ndipo kope lace lodindidwa lisiyeni kwa mbale. Nyamulaninso citupa canu ca kumeneko. Nambala yace iri ndi manambala 13, ndipo ya ci 11 ikakhala 1 isonyeza kuti ndinu wokhala cikhalire, pamene ya mzika ikhala 0. Ife amene tinagwirako ukalaliki pa mgodi tidziwa bwino-bwino zimene cilembo cimodzi cicita: Nkhoma m'buku ili, Nkoma m'buku linalo, ndipo munthu mmodzi wasanduka awiri pa tsiku la malipiro. Pa malire ndi cimodzi-modzi. Ngati dzina la m'pasipoti yatsopano lisiyana ndi la pa cilolezo, konzani musanayambe ulendo.

Dziwaninso kuti cikhalire cimeneci ciri ndi malire ace. Gawo 28 la lamulo lomwe lija lilola Boma kulanda cilolezo ngati mwini wace wakhala kunja kwa dzikolo kupyola zaka 3, kapena wapezeka wolakwa pa milandu ina yaikulu. Amene abwera kudzadwazika makolo kapena kudzamanga nyumba ku mudzi awerenge zaka zace.

Nanga akakukanizani kulowa? Gawo 8 linena kuti ofisala ayenera kukudziwitsani pa pepala la Boma kuti muli ndi ufulu wa kupempha Nduna mwa kalata kuti ionenso nkhani yanu. Pemphani pepala limenelo, pemphani kuonana ndi mkulu wa pamalopo, ndipo lembani tsiku, nthawi ndi dzina liri pa cifuwa ca ofisala. Kuyambira pa 1 Epulo 2023 nchito ya pa zipata za South Africa iri m'manja mwa bungwe lochedwa Border Management Authority, ndipo dandaulo liri ndi kopita.

Cimene tikana kotheratu ndi kupinda ndalama m'kati mwa pasipoti. Anyamata oyendayenda pa malire adzakuuzani kuti popanda ya kozizira simudutsa. Bodza! Lamulo la ciphuphu ligwira wopereka ndi wolandira pamodzi, ndipo munthu wa mapepala abwino amene apereka ndalama wadzipangira yekha mlandu umene analibe. Aonongeranso amai a m'mbuyo mwace pa mzere, amene alibe copinda.

Tisaiwale kuti kuno kwathunso kuli anzathu a ku Malawi, ku Congo ndi ku Tanzania amene ali ndi cilolezo cokhala m'Zambia pansi pa lamulo lathu la 2010, ndipo adutsa pa Mwami, pa Kasumbalesa ndi pa Nakonde. Cimene tifunira ana athu pa Beitbridge ticifunenso kwa iwo pa zipata zathu.

Tipempha ofesi ya Kazembe wathu ku Pretoria kuti ilembe magawo atatu aja, 8, 25 ndi 28, m'Cinyanja, m'Cibemba, m'Citonga ndi m'Cilozi, pa pepala limodzi lokwana m'thumba la malaya, ndipo ligawidwe pa siteshoni ya Intercity mu Lusaka Disembala isanafike.