KODI KABAWI AYENERA CIFUNDO?

Anzanga, ambiri a ife tikaona kabawi alikuzungulira pamwamba timathamangira legeni, pakuti timdziwa ngati mbala ya anapiye. Koma ine ndinena kuti mbalame imeneyi ikabvulala iyenera kuthandizidwa, ndipo umboni wanga ndiutenga kutali, ku Delhi, mzinda waukuru wa dziko la India.

Kumeneko anthu akonda kuulutsa makaiti, makamaka pa 15 August, tsiku la ufulu wao. Ulusi wace amaupaka magalasi opera kuti udule ulusi wa mnzao pa mpikisano. Tsono akabawi, amene ali ambirimbiri mumzindamo, amagunda ulusiwo nacekeka mapiko, nagwa pamseu pakati pa magalimoto. Boma la Delhi linaletsa ulusi wotere m'caka ca 2017, koma mbalame zilikucekekabe.

Abale awiri, Nadeem Shehzad ndi Mohammad Saud, ali anyamata anatola kabawi wobvulala napita naye ku cipatala ca mbalame ca anthu a cipembedzo ca Jain. Sanamlandire, popeza mwambo wao suwalola kudyetsa nyama. M'caka ca 2003 abalewo anayamba okha kusoka mapiko kunyumba kwao, ndi kusunga mbalame pa denga kufikira zitatha kuulukanso. Zimene zapita m'manja mwao zaposa 20,000, ndipo nchito yao inaonetsedwa mu kanema wa 2022 wochedwa All That Breathes.

Wina adzati, "Kodi si kutaya nthawi kumeneku, pamene anthu enieni alikusowa mankhwala?" Funso limeneli ndi lolemera, sindilinyoza ai. Komabe taganizani. Bala la kabawiyo walipanga ndi munthu, ndipo walipanga posewera. Ndiponso akabawi a ku Delhi amadya makoswe ndi zonyansa za kudzala, nchito imene palibe munthu aifuna. Ngakhale kadzidzi, amene kwathu kuno timponya miyala pomuyesa mthenga wa mfiti, usiku wonse amakhala alikusaka makoswe amene atha cimanga m'nkhokwe.

Cotero mukapeza mbalame yotere yagwa kuseri kwa kalasi, musaimalize. Ifunditseni nsalu kumutu kuti ikhale bata, cenjerani ndi zikhadabo, iikeni m'katoni pamthunzi, ndipo uzani aphunzitsi. Lilongwe Wildlife Centre imalandira nyama zakuthengo zobvulala, ndi mbalame zomwe.