Sokosi yolukira agogo isakhale ndi mfundo

Mwezi wa June ukafika, ife oyendera odwala timapeza agogo ambiri atayandikiza mapazi kumoto. Kwa munthu wa matenda a shuga zimenezi n'zoopsa, chifukwa matendawa akakhalitsa amapha mitsempha ya kumapazi, moti munthu amapsa osamva. Chofunditsa mapazi chabwino ndi sokosi, koma nayo ili ndi malamulo ake.

Ine ndinaphunzira mowawa. Ndinalukira mayi anga aang'ono masokosi, ulusi utandithera panjira ndinalumikiza ndi mfundo, ndipo mfundoyo inagwera pansi pa chala chachikulu. Iwo sanamve kanthu. Tinadzaona sabata itatha pali chilonda, ndipo chinatiyendetsa kuchipatala kambirimbiri chisanapole. Kuyambira pamenepo ndimaluka motere.

Pezani singano zolukira zinayi zosongoka mbali zonse. Zitatu zimanyamula masitichi, yachinayi ndiyo yolukira. Mukamaluka mozungulira chonchi, sokosi imatuluka yopanda msoko. Ulusi ukhale wofewa, makamaka wosakaniza ndi thonje kapena ubweya wa nkhosa, chifukwa wa pulasitiki wokhawokha umasunga thukuta. Sankhani woyera kapena wowala, kuti magazi kapena mafinya zikadontha muzione msanga.

Musanayambe, yezani phazi mozungulira pamene latambalala kwambiri, ndipo muyeze madzulo chifukwa mapazi amatupa dzuwa likapendeka. Lukani kachigamba koyesera, muwerenge masitichi olowa mu sentimita imodzi. Tinene kuti phazi ndi masentimita 22 ndipo mwapeza masitichi atatu pa sentimita: ndiye kuti 66. Chotsaniko pang'ono atsale 60, kuti sokosi igwire phazi osapanga makwinya, pakuti makwinya nawo amanyula khungu.

Poyambitsa masitichiwo, phatikizani singano ziwiri ngati imodzi, kenako musolole imodzi. Mukatero kukamwa kwa sokosi kumakhala kotakasuka. Lukani awiri akutsogolo, awiri akumbuyo, mpaka mwendo utalike monga mukufunira. Sokosi yosiya mzere pamwendo ikavulidwa ndi yothina, ndipo imasokoneza kayendedwe ka magazi.

Pachidendene ndi pamene ambiri amagwa ulesi, chonsecho n'kuwerenga chabe. Ikani masitichi 30 pa singano imodzi, ena 30 adikire. Lukani 30 amenewa mopita ndi kubwerera mizere 30, ndipo sitichi yoyamba ya mzere uliwonse muzingoisamutsa osailuka. Mbali iliyonse mutuluka timakutu 15. Tsopano gawani masitichiwo patatu, khumi khumi. Lukani mpaka gulu lapakati, ndipo sitichi yake yomaliza muilukire pamodzi ndi yoyamba ya gulu la m'mbali. Tembenuzani, samutsani sitichi yoyamba, muluke kubwerera, muchitenso chimodzimodzi mbali inayo. Pitirizani mpaka a m'mbali onse atha, kwatsala khumi apakati. Mudzaona kachikho kokhalamo chidendene kataoneka kokha.

Tolani timakutu 15 tija mbali iyi, lukani 30 odikira aja, tolaninso 15 mbali inayo. Onse pamodzi akwana 70. Muzichepetsa imodzi mbali iliyonse, kudumpha mzere umodzi, mpaka abwerere pa 60. Phazi lonse lukani akutsogolo okhaokha kuti pansi pakhale posalala.

Kukatsala masentimita asanu kuti mufike kunsonga kwa chala chachitali, yambani kuchepetsa masitichi anayi pa mzere, awiri kumbali ya chala chachikulu, awiri kumbali ya chaching'ono, kudumphanso mzere umodzi. Akatsala 20, chepetsani mzere uliwonse mpaka atsale asanu ndi atatu. Dulani ulusi, muupise m'masitichi otsalawo kawiri ndi singano yobuntha, mukoke pang'onopang'ono. Mchira wake muulowetse m'masitichi a pamwamba pa phazi, kunja kwa sokosi. Ulusi ukatha panjira, gonekani watsopano pa wakale muluke nawo pamodzi masitichi anayi kapena asanu, ndipo polumikizapo pagwere pamwendo kapena pamwamba pa phazi. Mfundo ayi.

Mukamaliza, pisani dzanja m'kati, mufufuze ndi zala mutatsinzina. Chimene chala chanu chamva, phazi la agogo silichimva, koma chidzawavulaza. Lukani mapeya awiri kuti ina ikachapidwa ina ivalidwe, ndipo isavalidwe isanaumitsitse.

Amayi a Dorika, pokapereka masokosiwa musangowasiya pamkeka. Pemphani kuti muwaveke nokha, ndipo mpata umenewo muone pansi pa phazi, chidendene ndi pakati pa zala. Mukapeza chilonda, thuza kapena pamene pasintha mtundu, musapake kanthu. Aperekezeni kuchipatala tsiku lomwelo.