Dzina loipa pa dziko limabweretsa zilango ndi nkhondo

Pa ubale wa maiko, dzina lomwe dziko lapatsidwa ndi maiko amphamvu ndi lomwe kawirikawiri limagamula ngati dzikolo lilandire ngongole, zilango za chuma kapena asilikali akunja.

Mawu oti "dziko lolephera" anatchuka boma la Siad Barre litagwa ku Somalia m'chaka cha 1991, dzikolo n'kutsala lopanda boma lolamulira zigawo zonse. Mu 2005 bungwe la Fund for Peace linayamba kutulutsa mndandanda wa maiko otere chaka ndi chaka, koma mu 2014 linasintha dzina la mndandandawo kuti ukhale wa maiko "ofooka", poti dzina loyambalo linkamveka ngati chigamulo choti dziko silingadzukenso.

Maina ena amapita kwa maboma omwe ali ndi mphamvu koma amalamulira mwankhanza. Mu 2002 George W. Bush, yemwe anali mtsogoleri wa America, anati Iraq, Iran ndi North Korea ndi mgwirizano wa zoipa, ndipo mu 2003 Iraq inathiridwa nkhondo. Mu 2005 Condoleezza Rice anaika Zimbabwe, Cuba, Belarus, Burma, Iran ndi North Korea m'gulu la malinga a ulamuliro wankhanza. Egypt ndi Saudi Arabia, abwenzi a America omwe ankadzudzulidwanso pa nkhani ya ufulu wa anthu, sanatchulidwe.

Dzina lopweteka kwambiri ndi lomwe lili ndi lamulo kumbuyo kwake. Mu 1993 America inaika Sudan pa mndandanda wa maiko othandiza zigawenga, zomwe zinatseka thandizo la boma la America ndi kuchititsa kuti nthumwi zake zizikana ngongole za dzikolo ku World Bank ndi IMF. Omar al-Bashir anachotsedwa pampando mu 2019, koma dzinalo linafufutidwa mu 2020 Sudan itavomera kulipira madola 335 miliyoni kwa okhudzidwa ndi zauchigawenga, kuphatikizapo mabomba omwe anaphulika ku Nairobi ndi Dar es Salaam mu 1998.

Choncho akuluakulu oona za ubale wa maiko akakumana ndi maina otere m'malipoti, ayenera kufunsa yemwe wapereka dzinalo, lamulo lomwe likulitsatira komanso chomwe dzikolo likuyenera kuchita kuti lifufutidwe.