Mphatso ya Khirisimasi Yochokera M'manja mwa Mwana

Mwezi wa Disembala ukafika pakati, misika ya kwa Kabudula, Nsaru ndi Namitete imadzaza ndi katundu wa chikondwerero. Amalonda amayala zitenje zatsopano, nsapato, mpunga, shuga ndi mafuta ophikira, ndipo ana amene angotsekera kumene sukulu amazungulira m'mabenchi namayang'ana zinthu zimene sangathe kugula. Pakati pa anaŵa pali ena amene mtima wao uli pa munthu mmodzi yekha, ndiye mai kapena bambo amene akuŵalera payekha. Mwana wotere amaona thukuta la kholo lake tsiku ndi tsiku, amafunitsitsa kuthokoza, koma m'thumba mwake mulibe ngakhale tambala. Mwanayo sayenera kugwa mphwayi, pakuti mphatso yoyenera kholo lolera lokha ndi imene yapangidwa ndi manja, yosadya ndalama za pakhomo, ndiponso yopeputsa ntchito ya khololo.

Makomo a kholo limodzi si achilendo m'dera lino. Kale amuna ambiri ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku WENELA, kufikira mu 1974 pamene ndege yonyamula anthu a ku migodi idagwa ku Francistown ndi kupha Amalaŵi oposa 70. Ulendowo udayambiranso mu 1977 pansi pa TEBA nudzatha mu 1988, komabe mpaka lero anyamata akupitabe ku Joni paokha, ndipo si onse amene amakumbukira kwao. Matenda a Edzi, amene adadziŵika m'dziko muno mu 1985, adasiya amasiye m'midzi yambiri. Palinso mwambo wa chikamwini: ukwati ukatha, mwamuna amanyamula zake nabwerera kwao, ana natsala ndi mai ao. Kafukufuku wa boma wa m'zaka za 2015 ndi 2016 adapeza kuti pafupifupi khomo limodzi mwa makomo atatu alionse m'Malaŵi limatsogozedwa ndi munthu wamkazi. Tsono mphunzitsi aliyense wa ku Nambuma kapena ku Mpingu akaŵerenga ana a m'kalasi mwake, adzapeza kuti nkhaniyi ikukhudza ambiri mwa iwo.

Vuto la Khirisimasi kumudzi ndi nyengo imene tsikuli limafikira. Chimanga m'nkhokwe chimakhala chitatsika, feteleza akufunika kumunda, ndalama za fodya sizioneka mpaka msika wa ku Kanengo utatsegulidwa chakumapeto kwa dzinja, ndipo mu Januwale sukulu imafuna makope ndi yunifolomu. Chiyambire Novembala wa 2023, pamene mphamvu ya kwacha idatsitsidwa ndi 44 peresenti, zinthu za m'sitolo zidakwera mtengo koposa. Nanga mwana wofuna kugula mphatso ndalama angazitenge kuti? Akapempha kwa kholo lomwelo, ndiye kuti khololo ladzigulira lokha mphatso. Akatapa chimanga kapena nsaŵa mobisa nakagulitsa kwa mavenda, waonjezera njala ya mu Febuluwale. Akapita kukagwira ganyu m'minda ya fodya, aika thanzi lake pachiswe, pakuti madzi a m'masamba aaŵisi a fodya amaloŵa pakhungu nadwalitsa mutu ndi mseru. Ndiponso lamulo la za ntchito la mu 2000 limaletsa kulemba ntchito mwana wosafika zaka 14. Njira zitatu zonsezi zimabala chisoni m'malo mwa chimwemwe.

Mphatso yabwino imayamba ndi maso. Mwana akhale sabata imodzi akupenyetsetsa m'mene kholo lake limagwirira ntchito kuyambira m'bandakucha mpaka usiku, ndipo adzaona zimene zikusoŵa. Mwina mthiko udang'ambika ndipo mai amavundula nsima movutikira. Mwina chipande chidathyoka, mpini wa khasu ukuguluka, kapena mbale zimaumira pansi pomwe nkhuku ndi agalu amafikapo. Chilichonse mwa zimenezi ndi mphatso imene ikudikira woipanga.

Mnyamata wa Sitandade 6 kapena 7 angathe kusema mthiko ndi chipande ngati atapempha agogo kapena atsibweni kuti amsankhire mtengo wolimba, wosaŵaŵa, ndi kumuonetsa kagwiridwe ka kasemasema. Akamaliza kusema asalaze bwino kuti pasakhale zobaya m'manja. Angathenso kumanga thandala la mbale: mafoloko anai okumbiridwa pansi, mitengo yopingasa, timitengo toyala pamwamba, zonse zomangidwa ndi luzi. Ntchitoyi ndi ya tsiku limodzi, koma thandala limateteza banja ku matenda otsekula m'mimba amene amachuluka m'dzinja. Mtsikana angathe kusonkhanitsa zigamba za zitenje kwa telala wa pamsika, nasoka kathumba koikamo buku la nyimbo popita ku tchalitchi, kapena kachikwama kosungiramo ndalama za ku banki m'khonde. Angathenso kufuna dothi lakuda ndi lofiira, nazira nyumba ndi khonde tsiku la 24, kuti mai podzuka m'maŵa wa Khirisimasi apeze pakhomo poŵala popanda iwo kugwada. Sikuti ntchitozi zili ndi malire okhwima: mtsikana wodziŵa kusema aseme, mnyamata wodziŵa singano asoke.

Pali kholo lina limene anthu amaliiŵala kaŵirikaŵiri, ndilo bambo wofedwa kapena wosiyidwa ndi ana. Amai ali ndi tsiku lao pa 15 Okutobala, pamene dziko lonse limaŵalemekeza ndi zitenje ndi nyimbo. Koma bambo amene amachoka kumunda nakoleza moto, nasambitsa mwana wamng'ono, sakumbukiridwa ndi munthu. Bambo wotere salankhula zambiri, komabe amaona. Mwana akamsokera mabatani a malaya a ku tchalitchi, akamkonzera mpini watsopano wosalala, kapena akamlukira chipeŵa cha mlaza choteteza ku dzuŵa popalira, bamboyo adzadziŵa kuti kuvutika kwake sikudapite pachabe.

Mphatso ina yoposa zonse pokhalitsa ndi mtengo. Nyengo yodzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, motero Khirisimasi imafika nthaka ili yonyowa. Papaya amayamba kubereka patangotha pafupifupi chaka chimodzi. Chamwamba chimaphuka ngakhale pongozika nthambi, ndipo masamba ake ndi ndiwo. Msangu umayoyola masamba m'dzinja, choncho suphimba chimanga, koma umaonjezera chonde m'munda wa kholo limene silingakwanitse matumba a feteleza. Koma mwana adziŵe kuti kudzala kokha sikukwana. Mbuzi za m'mudzi sizidziŵa Khirisimasi, tsono mtengowo autchingire ndi minga, ndipo m'chilimwe authirire. Mphatso yeniyeni ndi chisamaliro cha miyezi khumi ndi iŵiri yotsatira.

Pa zakudya pafunika nzeru. Chiponde chosinjidwa bwino kapena chigumu chotentha ndi zokoma pa tsiku la chikondwerero, koma nsaŵa zimene zatsala m'nyumba mu Disembala nthaŵi zambiri zimakhala mbeu, ndipo ufa umakhala woŵerengera. Mwana asakhudze zimenezi osapempha. Wanzeru amayamba kale: amakunkha nsaŵa m'minda yokololedwa mu Meyi ndi Juni eni ake atamlola, nazisunga. Chimodzimodzi udzu wa tsache, bango la mphasa ndi nsungwi za lichero zimadulidwa ndi kuumitsidwa m'chilimwe. Amene wachedwa chaka chino aphunzirepo, pakuti mphatso ya manja imaphunzitsa kuona patali, khalidwe limene mlimi aliyense amalifuna.

Pomaliza pali kalata. Mwana amene waphunzira kulemba ali ndi chuma chimene makolo ambiri sadachipeze, popeza sukulu ya pulaimale idayamba kukhala yaulere mu 1994. Pepala limodzi lothothola m'kope likwana. M'kalatamo asachuluke mau okometsera, koma atchule zinthu zenizeni: tsiku limene mai adagulitsa nkhuku yao yomaliza kuti alipire mayeso, kapena usiku umene bambo adambereka kumka naye ku chipatala cha Kabudula malungo atamgwira. Ngati khololo silidziŵa kuŵerenga, mwanayo aliŵerengere yekha mofatsa madzulo atatha kudya. Makolo ambiri amaganiza kuti ana saona zimene iwo amadzimana, ndipo kalata yotere imachotsa ganizo limenelo.

Ena adzatsutsa kuti mthiko sudyedwa, ndipo kholo losauka likufuna sopo ndi shuga, osati zosemasema. M'mau ameneŵa muli choona. Mphatso ya mwana singathetse umphaŵi, ndipo siyenera kukhala chophimba cha akuluakulu othaŵa udindo. Bambo amene adasiya ana ali ndi ngongole imene mthiko wa mwana sungabweze. Mwini mbumba ndi mpingo alinso ndi gawo lao. Koma mwana afunsidwe za zimene zili m'manja mwake. Shuga wa Khirisimasi amatha pasanafike Chaka Chatsopano, pamene thandala ndi mpini zimagwira ntchito mpaka kukolola. Ndiponso kholo lolera lokha limalemedwa ndi zinthu ziŵiri, kusoŵa ndi kusungulumwa. Pa choyambacho mwana angathandize pang'ono chabe, koma pa chachiŵiricho palibe womposa.

Aphunzitsi ali ndi mbali yaikulu pa nkhaniyi. Amene adaphunzira kale akumbukira nthaŵi ya ntchito zamanja, pamene ana ankabwera ndi matsache, mikeka ndi zipande kuti alandire malikisi. Lero phunziro la Expressive Arts lili ndi malo a luso lomwelo, ndipo masabata otsiriza a teremu yoyamba, mayeso atatha, ndi nthaŵi yabwino yoitana mmisiri wa m'mudzi kuti adzaonetse ana kaluka kapena kasemedwe. Koma mphunzitsi asamale lilime. Akanena kuti aliyense apangire mphatso mai ndi bambo ake, wabaya mtima wa mwana wamasiye amene wakhala kumbuyo. Ndi bwino kunena kuti aliyense apangire munthu amene amamlera, kaya ndi mai, bambo, agogo kapena azakhali.

Achinyamata amene amaliza Fomu 4 ndipo ali pakhomo kudikira mwai asadzione ngati opanda ntchito pa nkhaniyi. Iwo ndiwo angagwire mpeni pamodzi ndi mng'ono wao, kumsankhira mtengo ndi kumkonzera mau m'kalata. Ena mwa iwo adzazindikira kuti manja ao ali ndi luso limene sukulu ya ntchito zamanja ya ku Namitete ingalikulitse kukhala umisiri wodyetsa banja.

Akuluakulu adati kupatsa nkuika. Mwana amene wasemera mai ake mthiko chaka chino waika kanthu mumtima mwa maiyo, ndipo waikanso kanthu mwa iye mwini, ndiko chizoloŵezi chokumbukira amene adamlera. Akadzakula nadzapeza ntchito ku Lilongwe kapena ku Joni, chizoloŵezi chomwecho ndicho chidzamkumbutse kutumiza feteleza kwao mvula isanagwe.