Chipata chili apo, koma kwinako n'kuti?

Mu Novembala 2019, ku M'manga m'boma la Balaka kunabuka chipolowe chifukwa cha nsalu ya kumutu. Atsikana achisilamu anafika pasukulu ya mpingo wa Anglican atavala hijabu, anabwezedwa, ndipo posakhalitsa anthu omwera pamjigo umodzi anayamba kugendana. Mzikiti ndi tchalitchi zinaonongeka, sukulu n'kutsekedwa. Chaka chotsatira mkangano womwewo unafika ku Mpiri m'boma la Machinga, pasukulu ya pulayimale ya Akatolika, kumene nyumba ya mphunzitsi wamkulu inatenthedwa.

Mu Juni 2021 atsogoleri achikhristu ndi achisilamu, kudzera ku bungwe la Public Affairs Committee, anasainirana mgwirizano wolola hijabu m'sukulu za mipingo zothandizidwa ndi boma, bola mtundu wake ugwirizane ndi yunifomu. Mankhwala ake anali omwewo basi. Koma kuti akuluakulu akhale pansi, panayamba papsa nyumba.

Ana amene anali m'makalasi omaliza a pulayimale nthawi imeneyo, lero ndiwo akugogoda pazitseko za mayunivesite. Sukulu zaukachenjede za boma sizitenga onse okhoza MSCE, tonse tikudziwa. Mwana wa ku Ntaja, ku Ulongwe kapena ku Phalula akasiyidwa, kholo limayang'ana pafupi: Malawi Adventist University ku Lakeview m'boma la Ntcheu, DMI St John the Baptist ku Mangochi, kapena Catholic University ku Nguludi, yomwe inatsegulidwa mu 2006. Zonsezi n'za mipingo. Pomwe chigawo chathu chino cha Machinga, Balaka ndi Mangochi ndicho chili ndi Asilamu ochuluka m'dziko muno.

Sindikuloza chala sukulu iliyonse mwa izi. Madandaulo a ophunzira m'mayunivesite a zipembedzo, kuno ngakhale kunja, amafanana: mapemphero olembetsa maina, siketi yoyezedwa pageti, nthawi yotsekera hositelo, chilango cha chibwenzi. Yankho lakenso silisintha. Unasaina wekha, ngati sukufuna chipata chili apo.

Ndinene poyera kuti ena mwa madandaulowa sandimvetsa chisoni. Wolira kuti amuletsa mowa m'hositelo alire yekha. Mpingo unamanga sukulu ndi zopereka za anthu ake, ndipo gawo 25 la malamulo oyendetsera dziko limalola sukulu zoima pazokha, malinga zalembetsedwa ndipo maphunziro ake sakuchepera a boma. Makolo ambiri amasankha dala sukulu zimenezi chifukwa cha mwambo. Amakumbukiranso 2011, pamene Chancellor College inatsekedwa miyezi yambiri, ana ali pakhomo kudya nsima yaulere. Amafuna digiri ya zaka zinayi ithe m'zaka zinayi. Akulondola.

Koma malamulo sali mtundu umodzi. Pali lamulo losunga bata kuti anthu aphunzire, pali lamulo lolowerera mumtima mwa munthu. Kuletsa phokoso nthawi ya mapemphero n'kwabwino. Kuika mnyamata wachisilamu pamndandanda wa osamvera chifukwa sanalowe m'chapelo, kapena kumuikira mayeso nthawi ya swala ya Lachisanu n'kumuuza kuti asankhe, ndi nkhani ina. Gawo 33 la malamulo omwe aja limateteza ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, ndipo silinena kuti ufuluwo uzitsala pageti. A Seventh Day Adventist amaudziwa bwino ululu umenewu, popeza ana awo amavutika m'sukulu zina mayeso akagwera pa Sabata. Amene anamvapo kuwawa kotere ndiye woyenera kumvetsa msanga.

Akuluakulu a sukulu amakonda kuuza ophunzira kuti walira mvula walira matope. Mwambiwu umawakhudza iwonso. Yunivesite ikamalengeza pawailesi kuti ikulandira aliyense, ikamalandira fizi ya mlimi wa mpunga wa ku chigwa cha Chilwa osamufunsa kumene amapemphera, yalira mvula. Ena mwa ophunzira ake amalipira ndi ngongole ya boma yochokera ku Higher Education Students' Loans and Grants Board, ndalama za msonkho wa Mkhristu, Msilamu ndi wa Gule Wamkulu yemwe. Seminale ikhoza kunena kuti kuno n'kwa ofuna unsembe okha. Yunivesite yophunzitsa unamwino, uphunzitsi ndi zowerengera ndalama singadzibise kumbuyo kwa mawu amenewo.

Pa za mavalidwe, dziko lino lili ndi mbiri yake. Lamulo la 1973 linkaletsa amayi kuvala buluku ndi siketi yaifupi mpaka nthawi yolowa m'ndale za zipani zambiri. Mu 2023 Justice Zione Ntaba wa bwalo lalikulu ku Zomba anagamula kuti ana achirasta asaletsedwe sukulu chifukwa cha tsitsi lawo. Chigamulocho chinali cha sukulu za boma, inde, koma woyendetsa yunivesite wanzeru akhoza kuona kumene mphepo ikulowera.

Chimene ndingapemphe bungwe la National Council for Higher Education n'chochepa. Likamayendera sukulu kuwerenga mabuku a m'laibulale ndi madigiri a aphunzitsi, lizifunsanso kuti wophunzira wodandaula amapita kwa yani. Malamulo onse aperekedwe kholo lisanapite kubanki, osati sabata yoyamba ndalama zitalowa kale. Atsogoleri a ophunzira asankhidwe ndi ophunzira anzawo, ndipo asamaopsezedwe akalankhula. Wolangidwa akachita apilo, mlandu usabwererenso m'manja mwa yemwe anamulanga.

Dandaulo limene ndikufuna limveke koposa onse ndi la mimba. Kuyambira mu 1993 boma limalola mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha pathupi kubwerera akachira, ndipo ku Machinga kuno, kumene atsikana ambiri amabereka adakali aang'ono, mafumu ndi amayi a m'magulu athera nsapato kubweza ana m'kalasi. Mtsikana amene wapulumuka zonsezo n'kufika chaka chachitatu cha yunivesite ali ndi zaka zoposa 18, amavota, ndipo akhoza kukwatiwa mwalamulo. Kulikonse kumene lamulo la sukulu limati woyembekezera alongedze, ndikufuna komiti ya mwambo indiuze chimene imachita ndi mnyamata wake, amene thupi lake silionetsa kanthu ndipo Lolemba akhala m'holo kulemba mayeso.