Mbali Yanu ya Nkhaniyi Akulemba Ndani?

Ambiri mwa agogo athu amene ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ankadinda chala pa mapepala amene sankatha kuwerenga. Wodziwa zimene munthu wavomera anali mwini pepala yekha. Wenela inatha kalekale, koma mphamvu ya pepala ikadalipo. Lero pepalalo limatuluka mu kompyuta ya abwana: kalata yolembera ntchito, kapepala ka malipiro, mndandanda wa maola a pafamu. Choncho ndikufunseni inu amayi ndi abambo ogwira ntchito m'makomo ndi m'mafamu: mbali yanu ya nkhaniyi akulemba ndani?

Maganizo anga ndi akuti wantchito aliyense ayenera kudziwa zinthu zitatu: kulemba kalata pa Word, kuwerengetsera pa Excel, ndi kutumiza chikalata pa imelo. Ndipo kwa munthu amene amaweruka atatopa, malo abwino ophunzirira zimenezi ndi m'kalasi, pagulu la anzake.

Tiyambe ndi ndalama. Ku South Africa, lamulo la 1997 loona za kagwiridwe ka ntchito limati maola wamba asapitirire 45 pa sabata, ndipo ola lililonse la ovataimu lilipidwe malipiro a ola limodzi ndi theka. Pa 1 Malichi 2025, malipiro otsikitsitsa anaikidwa pa R28.79 pa ola, ndipo mlingo umenewu unakhudza wantchito wa m'nyumba ndi wa pafamu mofanana ndi ena onse. Pa mlingo umenewo, maola 45 ndi R1,295.55. Maola 5 a ovataimu pa sabata ndi pafupifupi R216. Akapanda kulipidwa chaka chonse, munthu waberedwa ndalama zoposa R11,000 osaona dzanja la wakuba. Masamu amenewa Excel imawerengetsera m'kanthawi kochepa. Mumalemba tsiku, nthawi yolowa ndi nthawi yoweruka, iyo n'kuphatikiza. Mutu umaiwala za mwezi watha, koma tebulo lolembedwa tsiku ndi tsiku siliiwala.

Tebulo lotero limakhala ndi ntchito pa tsiku la mavuto. Wochotsedwa ntchito mopanda chilungamo ali ndi masiku 30 okha oti akatule dandaulo lake ku bungwe la CCMA, pogwiritsa ntchito fomu ya LRA 7.11. Mu 2008, pa mlandu wa Discovery Health, khoti loona za ntchito linagamula kuti mlendo amene chilolezo chake chogwirira ntchito chinatha ndi wantchito ndithu pamaso pa lamulo, ndipo atha kudandaula ku CCMA. Mu Novembala 2020, pa mlandu wa Mahlangu, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linati antchito a m'makomo nawonso ayenera kulandira chipukutamisozi akavulala pantchito. Maufulu amenewa alipo, koma khomo lake ndi fomu, kalata ndi umboni wolembedwa. Amene sangathe kudzilembera amadalira munthu wa pa internet café, amene amalipiritsa pa tsamba lililonse n'kumva zinsinsi zonse.

Nanga n'chifukwa chiyani ndikulimbikira za gulu? Choyamba n'chodziwikiratu: kompyuta ndi yodula, ndipo laputopu imodzi yakale ingathe kuphunzitsa anthu anayi. Koma chifukwa chachikulu n'china. Ndakhalapo m'makalasi oterewa, m'maholo a tchalitchi Lamulungu masana, ndipo ndaona kuti chimene chimamanga manja a munthu wamkulu ndi manyazi. Mayi amene walera ana a eni ake zaka zambiri amaopa kugwira mausi pamaso pa mphunzitsi wachinyamata wolankhula Chingelezi chothamanga. Koma mnzake wa pambali akamuuza m'Chichewa kuti mukalakwitsa pali batani lobweza zimene mwachita, mantha amachoka. Amene wangophunzira kumene chinthu ndiye amachifotokoza bwino, chifukwa akukumbukira pamene iye anakodwa.

Palinso phindu lina limene mphunzitsi sangalilembe pa bolodi. Anthu anayi akaika maola ndi malipiro awo m'tebulo limodzi, amayamba kuona zimene aliyense payekha sakanaona. Wina amazindikira kuti akudulidwa ndalama ya nyumba yoposa 10 peresenti ya malipiro imene lamulo limalola. Wina amaona kuti akudulidwa 1 peresenti ya UIF mwezi uliwonse, koma sanaonepo umboni woti analembetsedwa. Wantchito wa m'nyumba amakhala yekha kuseri kwa mpanda, ndipo wa pafamu amamva za kapitawo basi. M'kalasi ndi mmene amadziwira kuti vuto lake si lake yekha. Paja akuluakulu anati mutu umodzi susenza denga.

Komabe gulu lili ndi matenda ake, ndipo tisawabise. Kawirikawiri wochangamuka mmodzi amalanda kiyibodi, ena atatu n'kumangoonerera ngati ali pa kanema. Ntchito imatha msanga, mphunzitsi amakondwa, koma atatuwo amabwerera kwawo opanda kanthu. Mankhwala ake ndi lamulo limodzi: wodziwa aike manja kumbuyo, afotokoze ndi pakamwa, ndipo wosadziwayo ndiye atayipe. Muzisinthana mpando monga mmene mumalandirira ndalama za chipereganyu, aliyense nthawi yake ikakwana. Chachiwiri, samalani zinsinsi. Pa kompyuta ya gulu musasiyepo chithunzi cha pasipoti, musauze mnzanu mawu achinsinsi a imelo yanu, ndipo mukamaliza muzitulukamo. Pophunzira gwiritsani ntchito mayina ongopeka.

Ena adzati: Lamulungu ndi tsiku lokhalo lopuma, lochapa ndi loimbira foni ana kumudzi, ndiye tilipereke ku kompyuta? Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo sindilipeputsa. Sindikulonjezanso kuti setifiketi ya kompyuta idzakuchotsani kukhitchini kapena m'munda wa mphesa n'kukuikani mu ofesi. Amene akulonjezani zimenezo pofuna fizi yanu muchenjere naye. Chimene ndikunena n'chochepa koma chodalirika: maola awiri pa sabata, kwa miyezi yowerengeka, angakupatseni luso losunga umboni wanu nokha. Simufunikanso kugula pulogalamu yodula. LibreOffice ndi yaulere ndipo imagwira ntchito zomwezo, pamene Google Sheets imatseguka ngakhale pafoni imene ili m'thumba mwanu.

Pempho langa kwa mabungwe a antchito, mipingo ndi magulu othandizana pa maliro ndi lakuti atsegule zipinda zawo, ndipo phunziro loyamba lisakhale kukopera ndime ya m'buku. Likhale tebulo la maola a sabata yatha. Lachiwiri likhale kalata yaulemu yopempha abwana kapepala ka malipiro, kamene lamulo limati azipereka.

Ndipo inu, musadikire kuti kalasi likupezeni. Pezani anzanu atatu, funsani amene ali ndi laputopu, ndipo kuyambira mawa lembani m'kope nthawi imene mwalowa ntchito ndi imene mwaweruka. Tsiku loyamba la kalasi mudzapite ndi kope limenelo.